Logo si Chithunzi cha Paukwati

Pali funso limene ambiri timaliona ngati la akatswiri a makompyuta okhaokha: kodi chizindikiro cha bungwe, chija tinazolowera kuchitchula kuti logo, chizisungidwa mu fayilo ya mtundu wanji? Ine ndikuti funsoli ndi la mlembi wa kwaya, la wapampando wa kalabu ya ophunzira, la mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, ndiponso la mayi amene wangotsegula kumene shopu yosoka zovala. Maganizo anga ndi akuti bungwe limene lili ndi chizindikiro chake mu JPEG mokha silinalandire chizindikirocho ayi. Langolandira chithunzi cha chizindikirocho. Zinthu ziwirizi n'zosiyana monga momwe nyumba imasiyanirana ndi chithunzi cha nyumba, ndipo kusiyanako kumadzaoneka tsiku limene mvula yagwa.

Umboni wake suchita kusakasaka. Aliyense wa ife anaonapo setifiketi yosindikizidwa bwino, zilembo zonse zakuthwa, koma pamwamba pake pali chizindikiro chachimbuuzi ngati chinaviikidwa m'madzi. Tinaonaponso chikwangwani cha msonkhano, chansalu yobiriwira, pomwe zizindikiro za mabungwe othandiza zandandalikidwa m'munsi, chilichonse chili m'kabokosi kake koyera ngati sitampa yomatidwa pa envelopu. Tikaona zotere timathamangira kuloza chala wosindikiza kapena makina ake. Koma nthawi zambiri vuto limakhala kuti linayambira kutali. Wosindikizayo anapatsidwa fayilo yosayenera, ndipo makina amangotulutsa chimene alandira.

Kuti timvetse bwino, tiyambe taona momwe kompyuta imasungira chojambula. Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yogawa chithunzi m'timabokosi ting'onoting'ono totchedwa pixel, kenaka n'kulemba utoto wa kabokosi kalikonse. Tingayerekeze ndi duwa lolukidwa ndi mikanda: ukaonera patali umaona duwa, koma ukayandikira umaona mkanda uliwonse pawokha. JPEG, PNG, GIF ndi WebP onse ndi a banja limeneli, lotchedwa raster. Njira yachiwiri sisunga timabokosi, imasunga malangizo. Imati jambula mzere kuchokera apa kukafika apo, uupinde motere, ndipo m'kati mwake upakemo utoto wofiira. Imeneyi ndiyo vector, ndipo m'banja lake muli SVG, EPS, AI, CDR komanso PDF ikakonzedwa moyenera. Vector ili ngati malangizo opita kwa telala, amene angasokere mwana kapena munthu wamkulu diresi la sitayelo imodzimodzi pongosintha miyezo. Koma duwa la mikanda lija ukafuna kulikulitsa, mikanda yake siwonjezereka. Umangokulitsa mkanda uliwonse mpaka duwalo lisanduke mulu wa miyala.

Masamu ake ndi osavuta. Osindikiza mabuku amafuna timabokosi pafupifupi 300 pa inchi iliyonse kuti chithunzi chioneke chakuthwa chili m'manja mwa wowerenga. Tsono chizindikiro cha timabokosi 500 m'lifupi chimakwanira bwino malo osafika mainchi awiri, kapena kuti masentimita 4 ndi pang'ono. Pamwamba pa kalata chikwana ndithu. Koma chikafutukulidwa kuti chidzaze mita imodzi pa chikwangwani, kabokosi kalikonse kamakula kufika mamilimita 2, ndipo m'mphepete mwa zilembo mumamera mano ngati a sowo. Kompyuta ikayesa kusalaza manowo, chotsatira chake ndi chimbuuzi chija. Ndi vector vutoli palibe chifukwa makina amawerengetseranso mzere uliwonse molingana ndi kukula kumene tafuna. Fayilo imodzi yomweyo ikwana pa cholembera, pa chitseko cha galimoto ndi pa khoma la holo.

Nzeru yosunga mizere yopindika m'masamu sinayambire kwa ojambula zizindikiro. Inayambira m'mafakitale a magalimoto ku France. Mu 1959 katswiri wa masamu Paul de Casteljau, akugwira ntchito ku Citroën, anapeza njira yowerengetsera mizere yotere, ndipo m'zaka za m'ma 1960 injiniya wa ku Renault, Pierre Bézier, anafalitsa njira yofanana nayo, n'chifukwa chake mizereyi imadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Vuto lawo linali lofanana ndi lathu. Ankafuna kuti kupindika kwa boneti kumene kwajambulidwa papepala kukatuluke chimodzimodzi pa chitsulo chachikulu, popanda kudalira diso la mmisiri. Kampani ya Adobe inatengera mizere yomweyi m'ntchito yosindikiza kudzera mu PostScript mu 1984 ndi pulogalamu ya Illustrator mu 1987. Choncho vector si chinthu chachilendo chimene tinganene kuti sichinatifike. Ndi chakale kuposa JPEG imene timaikakamirayo.

Ndisamveke ngati ndikudana ndi JPEG. Dzinali ndi chidule cha Joint Photographic Experts Group, gulu la akatswiri limene linakhazikitsa njirayi mu 1992, ndipo liwu lachiwiri la dzinalo likutiuziratu ntchito yake: zithunzi za kamera. Pa ntchito imeneyo JPEG ndi katswiri. Imaduladula chithunzi m'zigawo za timabokosi 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. M'chigawo chilichonse imasunga mosamala kusintha kwa kuwala kochitika pang'onopang'ono, monga mthunzi wa patsaya la mkwatibwi, koma kusintha kwadzidzidzi ndi tizinthu ting'onoting'ono imatisunga mongoyerekeza, ndipo tina imangotitayiratu. Pa chithunzi cha paukwati palibe amene amazindikira kuti china chatayidwa, chifukwa nkhope, masamba a mitengo ndi mitambo zilibe malire akuthwa. Fayilo imachepa kwambiri, aliyense n'kukondwa.

Tsoka lake n'lakuti logo inapangidwa ndi zinthu zomwezo zimene JPEG imataya. Logo ndi malire akuthwa pakati pa utoto umodzi ndi unzake, ndi zilembo, ndi mizere yopyapyala. Malire otere akadutsa mu JPEG, pambali pake pamatsalira timadontho tautsi timene panalibe. Akatswiri anatipatsa dzina la Chingerezi lotanthauza phokoso la udzudzu, ndipo amene anayang'anitsitsapo chilembo chakuda pa JPEG avomereza kuti dzinali n'loyenera: timadonthoto timazungulira chilembo ngati udzudzu pa nyali. Palinso chinyengo china. Popeza diso la munthu limamva kuwala kuposa utoto, JPEG nthawi zambiri imasunga kuwala kwa kabokosi kalikonse koma utoto n'kuugawira timabokosi tinayi pamodzi. N'chifukwa chake chofiira chikakhala pa chakuda, kapena chikagundana ndi chobiriwira, chimaoneka ngati chasuluka n'kulowerera kwa chinzake. Kwa ife amene makaka a mbendera yathu ndi atatu omwewo, ndipo mabungwe ambiri amakonda kuwabwereka, nkhaniyi si yaing'ono.

Kutayaku sikuchitika kamodzi. Nthawi iliyonse imene wina watsegula JPEG, n'kuidula kapena kuisintha kukula, n'kuisunganso, imatayanso china. Ife ophunzira tikudziwa zimene zimachitika ndi notsi zimene zafotokopedwa kuchokera ku fotokope ina, iyonso yochokera ku ina: pofika m'badwo wachisanu, chilembo e ndi chilembo c zimakhala zitafanana. Ulendo wa logo m'mabungwe athu ndi womwewo. Wojambula amatumizira wapampando pa WhatsApp, imene imafinya chithunzi chilichonse chotumizidwa ngati chithunzi. Wapampando amatumizira mlembi. Mlembi amachimata mu Word. Chaka chotsatira mlembi watsopano, posowa fayilo yoyambirira, amajambula sikirini ya foni yake n'kudula m'mbali. Chimene chimafika kwa wosindikiza ndi mdzukulutuvi wa chizindikiro chija, ndipo agogo ake sangamuzindikire.

Kabokosi koyera kaja nakonso ndi mphatso ya JPEG. Mtundu umenewu sudziwa kusiya malo opanda kanthu. Kabokosi kalikonse kayenera kukhala ndi utoto, ndiye kumbuyo kwa chizindikiro kumadzazidwa ndi choyera, ndipo choyeracho chimatsatira chizindikiro kulikonse kumene chapita.

Apa m'pamene PNG imalowera, ndipo mbiri yake ndi yophunzitsa. Isanabwere, zojambula zapaintaneti zinkasungidwa mu GIF, imene kampani ya CompuServe inatulutsa mu 1987. GIF imatha kusunga makaka 256 okha pa chithunzi chimodzi, koma chimene chinakwiyitsa anthu si chimenecho. Kumapeto kwa 1994 kunalengezedwa kuti opanga mapulogalamu ogwiritsa ntchito GIF azilipira kampani ya Unisys, imene inali ndi umwini wa njira yofinyira yotchedwa LZW. Kumayambiriro kwa 1995 gulu la anthu odzipereka, motsogozedwa ndi Thomas Boutell, linayamba kukonza mtundu wina waulere, ndipo mu 1996 bungwe la W3C linavomereza PNG. PNG imafinya popanda kutaya kanthu, kotero kuti ungaisunge kambirimbiri osasintha ngakhale kadontho. Imalolanso kuti kumbuyo kukhale koonekera, ndipo kuonekerako kuli ndi milingo yosiyanasiyana, zimene zimachititsa kuti m'mphepete mwa chizindikiro musalale pa utoto wina uliwonse. Kale anthu anali ndi chowiringula, chifukwa Internet Explorer 6 ya mu 2001 inkalephera kuonetsa bwino kuonekera kumeneku. Koma vutolo linatha ndi Internet Explorer 7 mu 2006. Chowiringulacho chinafa kalekale. Chizolowezi chokha ndicho chatsala.

Komabe ndikuona kuti anthu ena amene atulukira PNG amaima pomwepo n'kumaganiza kuti afika. Sanafike. PNG ndi mikanda ndithu, kungoti ndi mikanda yoyera bwino. Ikakulitsidwa kupyola muyezo wake imachita mano ngati inzake. Ndiponso PNG imangodziwa makaka a kuwala kwa sikirini, ofiira, obiriwira ndi abuluu, pomwe makina osindikizira mabuku amagwiritsa ntchito inki zinayi za dongosolo la CMYK. Kusamutsa utoto kuchoka ku dongosolo lina kupita ku linzake kumasintha maonekedwe, makamaka a buluu wowala ndi wobiriwira wowala, amene papepala amatuluka ofooka. PNG ndi yabwino pa tsamba la Facebook, mu PowerPoint ndi pa kalata yolembedwa mu Word. Koma ndi mwana, si kholo. Kholo liyenera kukhala vector, ndipo PNG iliyonse izibadwa kuchokera kwa kholo limenelo pa kukula kumene kukufunika tsikulo.

Mwa mafayilo a vector, ine ndimaikira kumbuyo SVG kuti ndiyo izikhala nkhokwe ya bungwe. Bungwe la W3C linaivomereza mu 2001, ndipo si katundu wa kampani iliyonse. Chimene chimandisangalatsa, monga wophunzira chiyankhulo, n'chakuti SVG ndi mawu olembedwa. Ukaitsegula mu Notepad umatha kuwerenga ziganizo zake: bwalo ili, pakati pake pali apa, kukula kwake ndi uku, utoto wake ndi uwu. Tengani mbendera ya Malawi. Mu SVG ndi mizere itatu yopingasa, dzuwa lotuluka ndi malawi ake 31, basi. Pamene boma linasintha mbendera mu 2010, kuika dzuwa loyera lathunthu ndi kusinthanitsa malo a chakuda ndi chofiira, ndiponso pamene yakale inabwezeretsedwa mu 2012, munthu wokhala ndi fayilo yotere akanangosintha ziganizo zingapo. Wokhala ndi chithunzi cha mikanda akanayenera kuyambiranso. Fayilo ya SVG ya chizindikiro chosavuta imakhala yaing'ono kwambiri, kawirikawiri makilobayiti ochepa chabe, ndipo mabulawuza onse odziwika amaiwerenga. Ngakhale Internet Explorer, imene inachedwa, inayamba kutero mu 2011.

Kwa wosindikiza, PDF ndiyo yosavuta kupereka. Inayamba ndi Adobe mu 1993 koma mu 2008 inakhala muyezo wa dziko lonse pansi pa ISO, imasunga makaka a CMYK, ndipo aliyense angathe kuitsegula ngakhale pa foni kuti aone chimene akutumiza. EPS ndi nkhalamba yolemekezeka imene osindikiza ena amaifunabe, ngakhale Microsoft inaitsekera khomo mu Office mu 2017 pa zifukwa za chitetezo. AI ndi ya Illustrator, CDR ndi ya CorelDRAW. Mafayilo awiriwa ndi abwino kwa wojambula mwini wake, koma bungwe lisadalire iwo okha, chifukwa amafuna pulogalamu yogula, ndipo fayilo yosungidwa ndi pulogalamu yatsopano nthawi zina imakana kutseguka mu yakale.

Pano pali msampha umene wakola anthu ambiri. Dzina la fayilo silitsimikiza zimene zili m'kati. PDF ndi SVG zili ngati thumba: ungaikemo malangizo a mizere, ungaikemonso chithunzi cha mikanda. Wosindikiza akapempha PDF, munthu wina amangotenga JPEG yake yakale ija, n'kuimata mu Word, n'kusunga ngati PDF, n'kutumiza mtima uli m'malo. Ena amangosintha zilembo zitatu za kumapeto kwa dzina la fayilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo sikulira ukatswiri: tsegulani fayiloyo, muikulitse pa sikirini mpaka chilembo chimodzi chidzaze sikirini yonse. M'mphepete mukakhalabe mwakuthwa ngati lumo, ndiye kuti ndi vector. Mukaoneka timabokosi kapena utsi, mwagulitsidwa mphaka m'thumba. Ndikanakonda msungichuma aliyense atayesa zimenezi asanapereke ndalama yomaliza kwa wojambula.

Tsopano ndifike pa chimene chikutikhudza ife a zilankhulo mwapadera. Zizindikiro zambiri za kwathu kuno zimakhala ndi mawu: dzina la bungwe, dzina la dera, kapena mwambi waufupi wozungulira m'mphepete. Ndipo malembedwe athu ali ndi tizizindikiro ting'onoting'ono timene tanyamula tanthauzo. Taganizirani kankhodolero ka mu ng'. Gulu la zovina limene ladzitcha dzina lokhala ndi liwu loti ng'oma, kankhodoleroko kakasungunuka mu utsi wa JPEG, limasanduka gulu la ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Kankhodolero pa chizindikiro chaching'ono kamangotenga timabokosi tiwiri kapena titatu, ndipo ndi tizinthu totere timene JPEG imayamba kutaya. Chimodzimodzinso kadenga ka pa ŵ, kwa amene asankha kulemba Malaŵi motero pa chizindikiro chawo. Tingatsutsane m'kalasi ngati chilembochi chikufunikabe kapena ayi, koma kusankhako kukhale kwa eni chiyankhulo, osati kwa pulogalamu yofinya zithunzi.

Koma vector nayonso ili ndi mbuna yake pa nkhani yomweyi, ndipo n'kulakwa kuibisa. Mawu a mu SVG kapena mu CDR angasungidwe ngati mawu enieni, ndi dzina la font imene wojambula anagwiritsa ntchito. Fayiloyo ikatsegulidwa pa kompyuta imene ilibe font imeneyo, kompyuta imasankha ina mwakachetechete, ndipo chizindikiro chimasintha nkhope. Kwa ife vutoli limakula chifukwa ŵ, ngakhale ali ndi malo ake mu Unicode pa nambala U+0175 ndipo amapezekanso m'chiyankhulo cha ku Wales, sapezeka mu font iliyonse, makamaka zokongoletsa zija zimene ojambula amakonda. Zikatero pamalo pake pamatuluka kabokosi kopanda kanthu, kapena chilembo chobwerekedwa ku font ina chimene chimaoneka ngati mlendo pa maliro a eni. Mankhwala ake ndi kusandutsa zilembo zonse kukhala mizere fayilo isanachoke kwa wojambula. Mu Illustrator lamulo lake ndi Create Outlines, mu CorelDRAW ndi Convert to Curves, mu Inkscape ndi Object to Path. Zikatero chilembo sichidaliranso font, chasanduka chojambula. Kuipa kwake n'kwakuti mawuwo sangakonzedwenso mwa kungotayipa, choncho bungwe lisunge mafayilo awiri, ina ya zilembo zamoyo pamodzi ndi dzina la font, ina ya zilembo zosandutsidwa. Ndipo wina wodziwa malamulo a kalembedwe awerenge mawuwo asanasandutsidwe, chifukwa cholakwa chimene chalowa m'mizere chimakasindikizidwa pa zitenje mazanamazana.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo sizopanda nzeru. Anganene kuti ambiri mwa anthu amene ndikuwalankhulawa alibe kompyuta, ntchito yonse amagwirira pa foni, ndipo JPEG imatseguka paliponse pomwe SVG ena sadziwa n'komwe poitsegulira. Anganenenso kuti Facebook silandira SVG ngati chithunzi cha tsamba, ndiponso kuti mapulogalamu ena a imelo saionetsa. Zonsezi n'zoona. Koma zikungotsimikiza kuti bungwe likufunika ana a fayilo ija, osati kuti kholo n'losafunika. Mlimi sadya mbewu imene wasungira kudzala, komanso saitaya chifukwa choti lero sakuidya. Mlembi wa kwaya safunika kudziwa kutsegula SVG. Akungofunika kudziwa kuti ilipo, kumene ili, ndi kuti wosindikiza akafunsa amutumizire imeneyo, ndipo aitumize ngati document pa WhatsApp kuti isafinyidwe panjira. Za mtengo wa mapulogalamu nazo si chifukwa chokwanira. Inkscape, imene inayamba mu 2003, ndi yaulere, ndipo SVG ndiyo chiyankhulo chake chobadwa nacho.

Enanso anganene kuti ojambula ambiri safuna kupereka fayilo yoyambirira. Izi zimachitikadi, ndipo ndikumvetsa mantha awo: akapereka kholo, kasitomala sadzabweranso. Koma taonani mbali inayo. Bungwe limene lalipira chizindikiro n'kulandira JPEG yokha lili ngati munthu amene wagula njinga koma kiyi wa loko watsala kwa wogulitsa. Pa chikwangwani chilichonse, pa T-sheti iliyonse, liyenera kubwerera kwa munthu yemweyo, ndipo iye akasamukira ku Johannesburg, kapena laputopu yake ikabedwa, chizindikiro chapita. Njira yachilungamo ndi kukambirana ntchito isanayambe. Wojambula atchule mtengo wophatikiza fayilo ya vector, ngakhale ukwere pang'ono, ndipo zilembedwe. Wojambula waluso sasowa makasitomala chifukwa chopereka fayilo. Amene amasunga anthu pa chingwe chotere ndiye amataya mbiri.

Kukula kwa bungwe sikusintha mfundoyi, kumangokulitsa mtengo wa kulakwitsa. Mu 2021, pamene makoleji amene anali pansi pa Yunivesite ya Malawi anaima paokha n'kubadwa MUBAS ndi KUHeS, mayunivesite atsopanowo anafunika zizindikiro zawozawo. Tangoganizani malo onse amene chizindikiro cha yunivesite chimakafika: pa digiri, pa chiphaso cha wophunzira, pa chipata, pa basi, pa tsamba la intaneti, ndi pa kachithunzi kakang'ono ka pamwamba pa bulawuza. Palibe chithunzi chimodzi cha mikanda chimene chingatumikire malo onsewa. Kalabu ya ophunzira ili ndi malo ochepa, koma ili ndi vuto limene yunivesite ilibe: atsogoleri ake amasintha chaka ndi chaka. Pa mwambo wosiyirana maudindo timapatsirana buku la ndalama ndi chidindo. Foda ya chizindikiro iyenera kukhala pa mndandanda womwewo, itasungidwa pa imelo ya kalabu osati pa fulashi ya munthu amene akumaliza maphunziro mwezi wamawa. M'fodamo mukhale SVG, PDF ya wosindikiza, ma PNG angapo a kukula kosiyana, ndi kapepala kolembapo manambala a makaka ake, kuti wobiriwira wa chaka chino asadzasiyane ndi wa chaka chamawa.

Mukhalenso chizindikiro cha utoto umodzi, chakuda chokha ndi choyera chokha. Ambiri amaiwala chimenechi mpaka tsiku lokadinditsa chidindo. Chidindo sichidziwa mithunzi. Pali inki kapena palibe. Wosindikiza T-sheti ndi sefa amafuna utoto uliwonse pawokha, sefa imodzi utoto umodzi, ndipo mu vector kulekanitsako n'kwa mphindi zochepa, pomwe mu JPEG chofiira chimodzi chimakhala chitabalalika kukhala zofiirira zambirimbiri. Makina opeta mabaji a yunifolomu ali ndi mafayilo awoawo, monga DST ya kampani ya Tajima, amene amasunga kayendedwe ka singano osati chithunzi. Fayilo yotere imachita kukonzedwa mwapadera pa kukula kwa baji imene ikufunika, ndipo woikonzayo ntchito imamupepukira akayambira pa mizere yoyera kusiyana ndi kulondola utsi.

Nanga bungwe limene kholo linatayika kale, latsala ndi JPEG yotopa, litani? Mapulogalamu ali ndi njira yolondola chithunzi okha n'kuchisandutsa mizere, ndipo pa chojambula chachikulu chakuda ndi choyera imathandiza. Koma pa fayilo yaing'ono yodzaza udzudzu, pulogalamu imalondola udzudzu womwewo mokhulupirika, bwalo n'kutuluka ngati mbatata, zilembo ngati zolembedwa ndi dzanja lonjenjemera. Njira yodalirika ndi kulipira munthu kuti achijambulenso ndi dzanja, mzere ndi mzere, kamodzi kokha. Asanayambe, bungwe lifufuze chosindikizidwa chakale kwambiri ndi chachikulu kwambiri chimene lingapeze, kaya ndi setifiketi ya m'kabati, kalendala yakale kapena chikwangwani cha pakhomo, chifukwa zimenezo zili pafupi ndi agogo aja kuposa chithunzi cha pa foni. Wojambulayo adzakhala ndi mafunso amene kompyuta singayankhe: kodi ichi ndi nkhunda kapena chiwombankhanga, nthambi iyi ili ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, kadontho aka pamwamba pa w ndi kadenga kapena ndi litsiro? Pamafunika kuitana mmodzi wa amene analipo pamene bungwe linkayamba, akhale pambali pa wojambulayo ndi kumamuuza.